Kabuleta wa Alamu

A Tomeo Oikawa anakoka chingwe cha kathirakitala kolimira mpaka msana unalira, koma injini inangoti khoso khoso n'kukhala chete. Anapukuta thukuta ndi kathawulo ka m'khosi, anakokanso. Zii. Kakanakhala kawo, bwenzi atakamenya theche n'kukatukwana, monga ankachitira ndi kawo kamene kanaferatu nyengo yobzala mbatata ya kachewere itangokwana. Koma aka kanali ka a Choichi, mlongo wa akazi awo, ndiye anangokayang'ana mwaulemu n'kumakatukwana chamumtima.

M'mudzi mwathu muno ngakhale galu ankadziwa kuti awiriwa salankhulana. Zaka zapitazo a Tomeo anabwereka sowo ya a Choichi n'kuibweza ili ndi utomoni m'mano. Kwathu kuno chinthu chobwereka chimabwerera kwa mwini wake choyera kuposa mmene chinachokera, ndiye kwa a Choichi, munthu wopukuta ngakhale khasu asanaligoneke, utomoniwo unali chipongwe. A Choichi anasunga nkhaniyo mpaka paphwando la chaka chatsopano, n'kufunsa anthu onse akumva ngati kwa a Oikawa madzi anaphwa. A Tomeo, mowa wa mpunga uli m'mutu, anayankha kuti pali amuna ena amene sowo amaisisita kuposa mkazi wawo. Anthu anaseka tsikulo. Koma a Haruno, akazi a a Choichi, atamwalira, mawu aja analemera, ndipo panalibenso woayamba kuachotsa. Akakumana pamsewu ankangoweramirana kouma, aliyense n'kupitirira.

Kathirakitalako anakapempha ndi a Kinue, akazi a a Tomeo, osauza amuna awo. Anabwera akukakankha okha, maso ali psuu.

“Achimwene akuti mulimire,” anatero. “Ndipo mundimvetse, bambo. Mwayi wanu ndi womwewu. Mukakabweza kali ndi kadontho ngakhale kamodzi, inu ndi achimwene simudzalankhulananso mpaka wina adzaperekeze mnzake kumanda. Ine ndatopa kulira m'nyumba ziwiri.”

Ndiye pano kathirakitalako kanali kataima pabwalo, kosalira, ndipo a Kinue anali atatulukira pakhonde atagwira chikombe.

“Mwakaononga kale?”

“Sindinakakhudze n'komwe!”

“Nanga chingwecho akukoka ndi ndani, agogo anu?”

“Iwe, kanabwera kakufa kale aka.”

“Pitani mukawauze choncho achimwene. Ndikuperekezeni?”

A Tomeo akanakanena bwanji? Kunena kuti makina sakulira kunali kuvomera kuti awapha iwo, apo ayi kunali kuuza a Choichi kuti amabwereketsa zinyalala. Zonsezo zinali nkhondo. Kupita nako kwa a Konno, amakanika a m'mudzi, kunali ngati kukalengeza pachinkuzamawu cha ku ofesi ya mudzi, pakuti pakamwa pa a Konno nkhani sigona. Anakakankhira kathirakitalako m'shedi, anatseka chitseko, n'kuvala magalasi awo owerengera.

Pulagi yoyatsa petulo mu injini inali ndi moto. Petulo anali kutsika bwinobwino. Ndiye anamasula kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya injini isanameze, n'kutsegula kambale kake ka pansi. Fungo limene linatuluka linawabweza m'mbuyo. M'kambalemo munali phala lobiriwira, lomata ngati shuga wopserera mumphika.

A Tomeo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba la feteleza. A Choichi! A Choichi amene chaka chilichonse, zokolola zikatha, ankaimirira pamsonkhano wa mudzi kulalikira kuti munthu wosiya petulo m'makina nyengo yachisanu sayenera kupatsidwa ngakhale wilibala! Kunena zoona, a Tomeo anali asanasangalalepo chonchi kuyambira tsiku limene mwana wawo anakwatiwa.

“Kinue! Tabwera udzaone ukhondo wa kwanu!”

A Kinue anabwera, anasuzumira m'kambalemo, anakwinya mphuno.

“Kambale aka ndikaika pambale yagalasi,” a Tomeo anatero, “ndikakaonetse kumsonkhano, aliyense anunkhize.”

“Petulo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike pamenepa?”

“Aa, si chaka chimodzi ayi. Apa wakhalitsa.”

“Ndiye kuti achimwene sanakagwirepo chimwalirire alamu anga a Haruno.”

Ananena motsitsa, n'kubwerera kukhitchini. A Tomeo anatsala ndi kambale kaja m'manja, kuseka kutawathera. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawakwiyitsa, chifukwa munthu safuna kumvera chisoni mdani amene wamuzolowera. Anabwerera pa ntchito ali chinyinyirikire, anakanikiza kwambiri sikuludiraiva, ndipo kachitsulo kachikasu ka pakati, kodutsa petulo, kanathyokera m'kati momwemo. Tsopano kabuleta uja anali atamuphadi iwo.

M'mawa mwake anavala chipewa chachikulu ndi kansalu kotseka pakamwa, monga amachitira anthu a chimfine, n'kuyendetsa kalole kawo kudutsa mapiri mpaka kutauni kumene sadziwika. Kumeneko, kwa munthu wogulitsa zitsulo za makina akufa, anapeza kabuleta wamtundu womwewo, wogwirapo kale ntchito, ndi kaphukusi ka magasiketi atsopano, timapepala tolimba toika pamene zitsulo ziwiri zakumana kuti pasadonthe kapena kulowa mpweya. Wogulitsayo analumbira kuti kabuletayo amuchotsa pa makina amoyo. Atafika kunyumba, a Tomeo anapeza kuti pakhosi pa kabuletayo mavu anamangapo kanyumba kadothi, ndipo anali atabereka kale n'kusamuka.

Ntchito inayambika m'shedi, chitseko chili chitsekere. Anayala nyuzipepala, anamasula kabuleta uja kachidutswa ndi kachidutswa. Timasikulu n'tating'ono ndipo timakonda kuthawa, choncho anakatenga timakapu ta tiyi ta alendo n'kumaika mtundu uliwonse m'kapu yakeyake. Zitsulo anaziviika m'parafini, m'beseni limene a Kinue amatsukiramo ndiwo zamasamba. Anapukuta ndi mswachi, ndipo sindinena kuti unali wa ndani. Gasiketi yakale inali itakakamira pachitsulo ngati chipsera, ndiye anaipala ndi lezala pang'onopang'ono, atagwira mpweya, poopa kukanda chitsulocho. Timabowo todutsa petulo, tina tochepa kuposa diso la singano, anatitokosa ndi kawaya kamodzi kozula pa burashi, n'kumauzira mpaka masaya kuwawa, n'kumasuzumira padzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa.

Kenako kasipuling'i kanadumpha. Anakamva kakuti tii penapake kumdima. Anakwawa shedi yonse, anasuntha matumba, anasesa pansi n'kusefa fumbilo ndi sefa ya tiyi. Kanapezeka madzulo, m'mtsuko wa gaga wa mpunga momwe a Kinue amavundikiramo nkhaka, a Tomeo atalowetsamo mkono mpaka m'chigongono.

“Nkhaka zanga zikununkha galaja,” a Kinue anatero pa chakudya. “Makapu anga a alendo ali kuti?”

“Ali ndi alendo.”

Vuto lina linali lakuti mudzi wathu ndi wa zii. Munthu akaliza makina kumtunda, kumunsi amadziwa kuti ndi a uje ndipo ayamba mochedwa. Tsono aliyense ankamva bwinobwino kuti kwa a Oikawa sikukulira kanthu. Gogo wina woyandikana nawo anaima pampanda n'kuyamikira kuti makina a masiku ano ndi aulemu, amalima osasokosera anthu.

Ndiyeno mbale zinayamba kuyenda. A Kinue atapita kukaona alongo awo, anabwerako ndi mbale ya mphukira za nsungwi.

“Achimwene akuti mulaweko.”

A Tomeo anaiyang'ana mbaleyo ngati kalata ya kukhoti. “Akufuna makina awo.”

“Akuti mulaweko, basi.”

“Iwe sukuwadziwa. Nsungwi imakula msanga. Akundiuza kuti ndifulumire.”

Mbale sibwerera yopanda kanthu, ndiye anabweza ndi bowa, n'kuwonjezapo botolo la mowa wa mpunga kuti agule nthawi. Kunabwera nsomba za mumtsinje. A Tomeo anatumiza mazira. Kunabwera uchi, botolo lalikulu, ndipo apa a Tomeo anadziwa kuti zinthu zafika poipa, pakuti a Choichi uchi wawo sapatsa munthu. A Kinue, amene ankakwera ndi kutsika chitunda ndi mbalezo, anati miyendo yawo si ya boma, ndipo amuna awiri amene akudyetsana chonchi akanangokwatirana kuti iwo apume.

Atamanga kabuleta uja koyamba, injini inalira n'kuzima, inalira n'kuzima, petulo akudontha pansi. A Tomeo anamasulanso n'kupeza kuti gasiketi ina anaiika chagada, moti inatseka kabowo kamene inayenera kusiya poyera. Anaitembenuza, anamanga timasikulu mosinthanasinthana kuti mbali ina isapanikizike kuposa inzake, anabwezera paipi ya petulo, anapemphera kwa makolo awo ndi kwa makolo a a Choichi omwe, n'kukoka chingwe.

Phokoso lake linamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. A Tomeo anatuluka m'shedi kathirakitala kakuwakoka, anazungulira nako pabwalo, anagwetsa mtengo woyanikira zovala, ndipo sanapepese. Tsiku lomwelo analima munda wonse wa mbatata, n'kubwerezanso mbali ina imene inali italimidwa kale, kuti gogo wa pampanda uja amve bwino.

Kenako anakatsuka. Anatsuka mano olimira, matayala, zogwirira, mpaka kunsi kumene ngakhale wopanga makinawo sanayang'aneko. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti asirire ntchito yawo, ndipo mtima unangoti mbwee. Pakati pa injini yakale, yofiirira ndi zaka, kabuleta uja anali kung'anima ngati dzino lagolide m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo m'mphepete mwake magasiketi atsopano ankaoneka mbee. A Choichi akangoponyapo diso, adziwa zonse: kuti makina anali akufa, kuti mlamu wawo anaona phala lija, kuti wawakonzera mwachifundo. Munthu ngati a Choichi akhoza kukukhululukira utamubera, koma osati utamumvera chisoni.

Kabuletayo anayenera kukalamba. Koma akalambe ndi chiyani? Matope ndi litsiro, ndipo litsiro ndi limene linayambitsa nkhondo yonseyi. Oilo wakuda akanaoneka ngati makina akudontha. Ankafuna mtundu wa ukalamba umene si litsiro, ndipo anaufunafuna m'shedi monse osaupeza. Anaupeza pa chakudya chamasana, atayang'ana kambale kamene msuzi wakuda wa soya unaumiramo n'kusiya mkombero wofiirira.

Anatenga botolo la msuziwo ndi kaburashi kolembera zilembo za chaka chatsopano. Anapaka m'mphepete mwa magasiketi, anaumitsa padzuwa, anapakanso. Anapaka kabuleta yense. Poona kuti tsopano malo oyandikana nawo akusiyana pang'ono, anapitiriza mpaka pa nthiti za injini, kuti mtundu ulowerane. Ndinene mosabisa, inali ntchito yokongola. Ngakhale a Konno sakanazindikira. A Tomeo sanalizenso injini poopa kudetsa, anangokweza kathirakitalako pa kalole n'kukafunditsa nsalu.

M'mawa mwake anapita onse awiri, a Kinue atanyamula kabokosi ka makeke a nyemba. A Choichi anatuluka atavala malaya ositidwa monga mwa nthawi zonse, koma malayawo anali atawakulira, ndipo dzanja lamanja linali m'thumba. Kuseri kwa mpanda wa maluwa, kumene munthu wodutsa pamsewu saonako, a Tomeo anaona munda wonse uli thengo.

Anaweramirana. A Tomeo anawerama kwambiri, a Choichi anawerama kuposa pamenepo, a Tomeo anawonjezera mpaka msana unawakumbutsa za chingwe chija.

“Alamu, mwatithandiza kwambiri. Takusungirani nthawi yaitali, mutikhululukire.”

“Iyayi, ndi kachinthu kachabechabe. Kaya kanakuthandizani n'komwe.”

Amenewa anali mawu oyamba pakati pawo chichokere paphwando lija, ndipo a Kinue anafinya kabokosi kaja mpaka kanapindika. A Choichi anazungulira kathirakitalako. Anapititsa chala pa mano olimira, anachiyang'ana. Anasuzumira kunsi. Anayang'ana pa injini nthawi yaitali.

“Kanavuta kulira?”

“Ayi ndithu. Kungokoka kamodzi.”

“Kamodzi?”

“Kamodzi, alamu. Makina osamalidwa amaoneka.”

Nkhope ya a Choichi inachita zinthu zingapo nthawi imodzi. Kenako anatulutsa dzanja lija m'thumba, anagwira chingwe, anakoka. Chingwe chinangotuluka pang'ono n'kuwapulumuka, ndipo dzanjalo linatsala likunjenjemera poyera. A Kinue anayang'ana kumbali. A Tomeo anayang'ana phiri, ngati phirilo langobwera kumene.

“Pepani alamu, ndi ine,” anatero. “Potsuka paja ndinachimangitsa kwambiri chingwechi. Ngakhale ine chikundivuta.”

Anakoka akubuula mokokomeza, ndipo injini inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, mosadumphadumpha. A Choichi anaima chilili akumvetsera, mutu ataupendeketsa. Injini inapitiriza kulira, inayamba kutentha.

Woyamba kununkhiza anali a Kinue. Kenako mphaka wa a Choichi anatuluka kunsi kwa khonde, mchira uli m'mwamba. Pabwalo ponse panadzaza fungo la chimanga chootcha chopaka msuzi wa soya, chija amagulitsa pa chikondwerero cha m'chilimwe. Kautsi konunkhira kankakwera kuchokera pa nthiti za injini, pamene msuzi uja unayamba kuwira timathovu. Kutsidya kwa mpanda mawu a mayi wina anafunsa ngati kwa a Choichi kuli alendo.

A Tomeo anafuna nthaka ing'ambike. A Choichi anawerama, ananunkhiza, anapititsa chala pa kabuleta, anachiika palilime.

“Mchere,” anatero.

Kenako a Choichi anatembenukira kwa a Tomeo.

“A Oikawa.”

“Ee, alamu.”

“Makina angawa mumafuna kulimira kapena kudyera mpunga?”

“Ndi... ndi zoteteza dzimbiri, alamu. Za masiku ano.”

“Mchere kuteteza dzimbiri?”

A Kinue anayang'ana amuna awo, anayang'ana injini. “Botolo langa lija! Ndakhala ndikulifuna kuyambira dzulo! Ndi mswachi wanga womwe, eti?”

Phewa la a Choichi linayamba kugwedezeka. A Tomeo anaganiza kuti ndi mkwiyo ndipo anakonzeka kuweramanso, koma kunali kuseka. Kunatuluka movutikira, kokhosomola, ngati injini ija tsiku loyamba, kenako kunagwira. Anaseka atagwira chogwirira cha kathirakitala, misozi ikutsika, mpaka anakhala pansi pa mwala wa pakhonde.

“Wapaka ndi burashi,” ankatero. “Taona Kinue, mpaka m'makona. Munthu amene analephera kupukuta sowo!”

“Nanga inu achimwene, munatipatsiranji makina akufa?”

“Unabwera kudzapempha, ndikanatani? Ndikanati ndi akufa, amuna akowa akanati ndawamana. Ndinati mwina alira. Nditamva kuti kwanu kuli zii, tulo tinandithawa. Ndatha uchi wanga wonse kupepesa, munthu wake osamva.”

“Kupepesa?” a Tomeo anatero. “Ine ndimayesa mukundithamangitsa!”

“Wothamangitsa munthu amamupatsa uchi? Mutu wanuwo nawonso ukufunika kuviika m'parafini.”

A Tomeo anatsegula pakamwa kuti abweze, pakuti yankho linali litafika kale, lakuthwa bwino, lokhudza phala lobiriwira ndi ulaliki wa pamsonkhano. Anayang'ana dzanja lija, limene a Choichi anali ataiwala kulibisa, n'kulimeza yankholo. Linawawa pomeza.

“Alamu,” anatero m'malo mwake, “injini ikangotentha kumene chonchi, kuizimitsa n'kuiononga. Komanso msuziwu uyenera upse wonse, usatsale. Palibe pena pamene kangathereko mphamvu?”

A Choichi analoza ndi chibwano kuseri kwa mpanda wa maluwa, osayang'anako.

A Tomeo analowetsa kathirakitala m'thengo lija, mano anagwira nthaka, udzu unayamba kugudubuzika. Sanafike n'kumapeto kwa mzere woyamba pamene anamva mawu kumbuyo kwawo. A Choichi anali atadzuka, akuwatsatira m'dothi ndi nsapato zawo zoyera.

“Mwakhotetsa! Mukulima munda kapena mukulondola njoka? Kumanzere! Kumanzere kwanu, a Oikawa, kodi muli nako kungati?”

“Mundawu ndi umene uli wokhota!”

“Munda wa bambo anga wokhota? Bwererani muyambirenso!”

A Kinue anaima pampanda, kabokosi kopindika kali m'manja. Chimwalirire a Haruno anali asanamvepo alongo awo akukweza mawu, ndipo tsopano ankamveka mpaka kumsewu, akutukwana amuna awo mokoma ndi mwaluso. Analira osabisa, ndipo sanasamale kuti mayi wa kutsidya kwa mpanda akuona. Atatha anapukuta m'maso, analowa m'khitchini mwa alongo awo, anatsitsa mphika waukulu umene unali utachita fumbi pamwamba pa kabati, anautsuka, n'kuyeza mpunga wa anthu atatu.